Agogo anga anali mwana wa mzungu wa pa esiteti ku Thyolo, ndiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wokhala ku Rosettenville kuno ku Joni, amene wasayina kuti Nangondo. Ndaifupikitsa, ndipo dzina la mzungu amene akumunena ndalichotsa dala.

"Kwathu ndi ku Thyolo, koma kuno ndatha zaka 11 ndikugwira ntchito ya m'nyumba. Agogo anga, mayi a mayi anga, anabadwa cha m'ma 1930. Anali oyera khungu, tsitsi lofewa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti bambo awo anali mzungu wa pa esiteti ya tiyi. Eni akewo sanaikambepo nkhaniyi mpaka anamwalira. Tinatsala ndi dzina lomwe anthu ankamutchulira mzunguyo, chithunzi chimodzi chofwifwa, ndi supuni yolembedwa zilembo ziwiri. Mwana wanga wapeza pa Facebook anthu a ku Durban ndi ku Scotland a dzina lofanana nalo. Bambo wina m'tauni akuti ndikam'patsa R8,000 andikonzera mapepala a ku UK poti ndili ndi magazi achizungu. Mayi anga alipo kumudzi, ali ndi zaka 68, koma ndikangofunsa amakalipa. Ndiwalembere anthu a pa Facebook aja? Mapepalawo ndi oona? Ndikufuna kudziwa komwe tinachokera."

A Nangondo, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Funso lanu si lachilendo, si lochititsa manyazi ayi. Pa zaka zoposa 20 zomwe ndakhala ndikuthandiza mabanja kufufuza mbiri zawo, poyamba ku Zomba kenako kuno, nkhani yonga yanuyi ndaimva kwa anthu a ku Mulanje, ku Thyolo, ku Namadzi, ngakhale a kumaesiteti a fodya ku Lilongwe. Amabwera atanyamula zomwe mwanyamula inuzi: chithunzi, supuni kapena wotchi yakufa, ndi dzina lopindika. Ambiri amapezadi choonadi, ngakhale sichikhala chonse.

Ndiyambe ndi ya ndalama ija, chifukwa ndiyo ingakuvulazeni msanga. Viza imene bamboyo akunena ilipodi, dzina lake ndi UK Ancestry. Imaperekedwa kwa nzika ya dziko la mu Commonwealth, ndipo Malawi ali momwemo, ya zaka 17 kapena kuposerapo, imene mmodzi mwa agogo ake anabadwira ku UK. Ndi ya zaka 5 ndipo imalola kugwira ntchito. Ngakhale agogowo anabereka mwanayo kunja kwa ukwati, lamulo silikaniza. Koma tawerengani mibadwo. Mzunguyo anabereka agogo anu, agogo anu anabereka mayi anu, mayi anu anabereka inu. Kwa inu iyeyo ndi bambo a agogo, ndipo vizayi siifika pamenepo. Amene ikanawayenera ndi mayi anu, komabe akanafunika zikalata za kubadwa zolumikiza mibadwo yonse itatu popanda podukiza, kuphatikizapo kusonyeza kuti angathe ndipo akufuna kukagwira ntchito kumeneko. Ana amene amatsatira kholo pa vizayi ndi osakwana zaka 18 okha. Ndiye munthu wolonjeza kuti akonza watsala ndi njira imodzi, kupeka chikalata chodumpha m'badwo. Akakupezani nacho, a UK angathe kukuletsani kulowa m'dziko lawo kwa zaka 10, ndipo wopekayo simudzamuonanso. Ndalama zanu mwazikhetsera thukuta, musam'patse. Ngati mukufunabe kumva za malamulowa pamaso, pitani kwa loya amene dzina lake likupezeka m'kaundula wa Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya kuno ku South Africa.

Palinso china. Si mzungu aliyense amene anali Mngelezi, ndipo si Mngelezi aliyense amene anabadwira ku UK. Ena anabadwira kuno ku South Africa, ena ku India, ena ku Nyasaland komweko. Ku Thyolo kwanu kunalinso Ataliyana, poti banja la Conforzi, lomwe linali ndi maesiteti akuluakulu kumeneko, linachokera ku Italy.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe agogo anu analibe chikalata chilichonse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Azungu oyamba kutenga malo m'dera la Blantyre ndi Zomba anafika m'ma 1870 ndi 1880. John Buchanan anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kudzayamba kulima khofi ku Zomba. John ndi Frederick Moir, pachibale pawo, anabwera ndi kampani ya African Lakes mu 1878. Panalinso Eugene Sharrer ndi ena. Malo ankawatenga kwa mafumu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda mu 1891, kuyambira 1892 anayamba kuwapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a malo a dziko lonse analowa m'manja mwa azungu owerengeka ndi makampani. Anthu okhala pa malowo, ambiri mwa iwo Alhomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, ankalipira pokhala pawo ndi ntchito ya manja awo. Ndilo thangata lija, lomwe linathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Pofika m'ma 1930, maesiteti ambiri a tiyi anali a makampani monga British Central Africa Company, Blantyre and East Africa, ndi a Lyons amene anali ku Lujeri ku Mulanje. Mzungu amene anthu ankamuona m'mawa uliwonse ataima ndi akapitawo nthawi zambiri sanali mwini malo. Anali manijala kapena womuthandiza, wolembedwa ntchito kwa zaka zingapo, amene kontrakiti ikatha ankasamukira ku esiteti ina kapena kubwerera kwawo. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amasokerera. Ndinathandizapo banja lina limene kwa mibadwo iwiri linkakhulupirira kuti ndi zidzukulu za mwini esiteti, mpaka ana ena anatenga dzina lake kusukulu. Titafufuza tinapeza kuti mwiniyo pa zaka zimenezo sanali ku Nyasaland n'komwe. Bambo weniweni anali mnyamata woyang'anira fakitale, ndipo anthu a kumudzi anangotenga dzina la esiteti n'kulipereka kwa mzungu aliyense wa pamenepo. Zinawawawa kwambiri, koma patapita nthawi anapeza abale awo enieni.

Dzina lomwe muli nalolo musalitaye, komanso musalikhulupirire msanga. Makolo athu ankatchula azungu mayina malinga ndi maonekedwe, khalidwe, kapena mmene lilime lawo linathera. John Moir anamutcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso, ndipo dzinalo linakhala la kampani yonse. William Jervis Livingstone, manijala wa esiteti ya a Bruce ku Magomero amene anaphedwa pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, anthu ankamutcha Listonia. Lembani dzina lanulo m'njira zonse zomwe lingalembedwere, kusinthanitsa l ndi r, kuchotsa zilembo zomwe pakamwa pathu timawonjezera kumapeto. Anthu a pa Facebook aja mwina ndi a dzina limene inu mwaliganizira, osati limene mzunguyo anali nalo.

Za zikalata, lamulo la 1904 lolembetsa kubadwa ndi imfa linkakakamiza azungu ndi amwenye, koma kwa anthu akuda silinali lokakamiza. Mwana amene bambo ake sanamuvomere ankawerengedwa kumbali ya mayi ake, choncho sankalowa m'kaundula wa boma. Boma lenilenilo linkasowa pomuika mwana wotero. Mu 1929 woweruza Haythorne Reed anagamula mlandu wa Suleman Abdul Karim, amene bambo ake anali mmwenye ndipo mayi ake anali a kwathu, nanena kuti mwalamulo sanali "mbadwa". Chigamulocho chinautsa kulemberana makalata pakati pa Zomba ndi London kwa zaka zingapo. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Anglo-African Association lomenyera ufulu ana a magazi awiri. Koma amene analowa m'bungwelo kwambiri anali awo amene bambo awo anawavomera, kuwapatsa dzina ndi kuwalipirira sukulu. Ena ambiri, ngati agogo anu, anangokulira kumudzi, m'mbumba ya mayi awo, akuleredwa ndi atsibweni awo. Ndipo mwambo wathu unawalandira, poti kwa ife a chikamwini mwana ndi wa kuchikazi, bambo akhale ndani.

Tsopano ndifike pomwe ndikufuna mundimvetsetse. M'kalata yanu yonse dzina la mzungu mwalilemba katatu, koma la mayi amene anabereka agogo anu mulibemo. Sindikukudzudzulani, pafupifupi onse ondilembera amachita chimodzimodzi, chifukwa mbiri yomwe tinaphunzira inasunga mayina a mabwana n'kusiya a amayi. Komatu mayi ameneyo ndiye anasenza mimba, ndiye anapirira zonena za anthu pachitsime, ndiye analera mwana woyera khungu pakati pa anzake omuseka. Ndipo pa ntchito yofufuza, iyeyo ndiye njira. Mukadziwa mudzi wake, mfumu yake, tchalitchi chake ndi ntchito yomwe ankagwira, esiteti idzadziwika, ndipo esiteti ikadziwika pamodzi ndi chaka, azungu amene angakhale bambo amatsala awiri kapena atatu.

Nkhani za amayiwa sizinali zofanana. Alipo amene anakhala ndi mzungu zaka zambiri monga mkazi wa panyumba, abale awo akudziwa, ana akuvomeredwa. Alipo amene anasiyidwa tsiku lomwe dona anafika kuchokera ku Ulaya. Aliponso, ndipo si ochepa, amene anali atsikana a pathangata kapena antchito a kukhitchini, amene analibe mphamvu yokana munthu woti angathamangitse banja lonse pa malo. Ndikumva ukali wa mayi anu, ine ndimaganiza za zimenezi. Munthu wa zaka 68 sakalipa popanda chifukwa. Mwina akuteteza ulemu wa mayi awo, mwina ali mwana ankatukwanidwa kuti mwana wa mkaladi, mwina anauzidwa chinsinsi n'kulumbira kuti sadzaulula.

Choncho nkhaniyi si ya pa WhatsApp. Dikirani mpaka mudzakwere basi ya kumudzi, mwina pa Khirisimasi. Mukafika yambani mwaonana ndi atsibweni anu kapena aliyense amene ali mwini mbumba tsopano, muwauze chomwe mukufuna, kuti mayi asaone ngati mwawadumpha akuluakulu. Pokamba ndi mayi, za mzungu zisiyeni kaye. Afunseni za agogo awo aakazi: dzina lawo, chiwongo chawo, ankaphika chiyani, ankaimba nyimbo zanji, manda awo ali kuti. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri nkhani ya mzungu imatuluka yokha tsiku lachitatu kapena lachinayi, mukutongola chimanga kapena mukusenda nandolo. Akalola, jambulani mawu awo pa foni. Akakana, musabise foni m'chitenje, lembani m'kope madzulo. Zaka musafunse ndi manambala. Funsani kuti pa njala ya 1949 agogo anali atatha msinkhu kodi, pa chipolowe cha ku Thyolo cha 1953 anali atakwatiwa kodi, asilikali akupita ku nkhondo ya Hitler anali wamkulu bwanji. Ndipo pitani kwa nkhalamba zina za m'mudzi, makamaka ana a akapitawo, a makhukhi ndi a alonda a pa esiteti. Iwowa amadziwa zambiri kuposa banja lenileni, chifukwa kwawo sichinali chinsinsi.

Mukatero ndiye mupite ku mapepala. Yambirani kutchalitchi. Mabuku a ubatizo a Akatolika amakonda kulemba mayina a makolo ndi mudzi, ndipo nthawi zina wansembe ankalemba kamawu m'mphepete. Yesaninso ku CCAP ya sinodi ya Blantyre, ndi ku mishoni ya Malamulo ya a Seventh-day Adventist, imene ili ku Thyolo komweko kuyambira 1902. Kenako ku Zomba, ku National Archives of Malawi. Moto wa 1919 unapsereza mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira, koma zaka zanuzi ndi za pambuyo pa motowo, ndiye muli ndi mwayi. Kumeneko funsani malipoti ndi mabuku a DC wa boma la Cholo, poti ndi momwe Thyolo ankalembedwera nthawi imeneyo, Gazeti ya boma, ndi mafayilo a chuma cha masiye. Nyuzipepala ya Nyasaland Times inkalemba za azungu ofika, ochoka, okwatira ndi omwalira. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, muli laibulale ya Society of Malawi yomwe ili ndi mabuku ndi zithunzi za nthawi ya atsamunda. Ngati simungathe kupita nokha n'kutuma wofufuza, gwirizanani mtengo poyamba, ndipo pa chilichonse chomwe wapeza akutumizireni chithunzi cha tsamba lenilenilo ndi nambala ya fayilo. Nkhani ya pakamwa yopanda nambala musailipire.

Kukhala kwanu ku Joni kukuthandizaninso. Azungu ambiri a ku Nyasaland atapuma ntchito anadzakhala kuno, makamaka ku Natal ndi ku Cape, ndipo anafera konkuno. Munthu akamwalira ali ndi katundu, pankatsegulidwa fayilo kwa Master wa khoti lalikulu, ndipo m'fayilomo mumakhala chikalata cha imfa chotchula komwe anabadwira, makolo ake, mkazi wake ndi ana ake, pamodzi ndi wilo ngati anasiya. Mndandanda wa mafayilowa mungaufufuze pa intaneti kwaulere pa NAAIRS ya National Archives ya kuno. Mafayilo a Transvaal yakale ali ku Pretoria, a Natal ali ku Pietermaritzburg, ndipo ambiri anajambulidwa n'kuikidwa pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri za mabanja. Mwana wanu uja angathe kuchita zimenezi pa foni. Musadabwe agogo anu akasowa pa mndandanda wa ana, poti wolemba chikalatacho kawirikawiri anali mkazi wachizungu kapena mwana wake. Koma wilo muiwerenge mpaka kumapeto. Ndinaonapo ina imene pa mzere womaliza inasiya mapaundi pang'ono kwa "wantchito wanga wakale ndi mwana wake wamkazi", mudzi utatchulidwa. Banjalo linalira titawerenga, chifukwa kanali koyamba kuona mayi wawo atalembedwa papepala, ngakhale monga wantchito. Mukapeza kuti munthuyo anabadwira ku Scotland, zikalata za kumeneko zinayamba mu 1855 ndipo zimagulidwa pa ScotlandsPeople.

Za DNA ndinene mwachidule. Ngati muyeza, ayezedwe mayi anu, atavomera okha. Iwo ali ndi pafupifupi 25 peresenti ya magazi a mzunguyo, inu pafupifupi 12, ana anu pafupifupi 6, ndiye chizindikiro chimachepa m'badwo uliwonse. Sankhani mayeso otchedwa autosomal, amene amaona mbali zonse ziwiri, ya bambo ndi ya mayi. A Y-DNA sangakuthandizeni poti amatsata mzere wa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, pomwe inu mwadzera mwa amayi okhaokha. A mtDNA amatsata mzere wa kuchikazi, ndiye adzakulozerani kwa mayi uja wa kumudzi, osati kwa mzungu. Maperesenti pawokha satchula dzina la munthu. Chothandiza ndi mndandanda wa anthu ena amene anayezetsa ndipo magazi awo akugwirizana ndi a mayi anu. Dziwaninso kuti mayesowa sasankha chinsinsi choti aulule. Angathe kuonetsa kuti wina m'banja mwanu si mwana wa bambo amene amawadziwa, ndipo malovu anu mukhala mwawapereka ku kampani yakunja. Zotsatira zake sizilowanso m'malo mwa chikalata cha kubadwa.

Anthu a pa Facebook aja musawalembere panopa. Dzina lofanana si ubale. Mukadzapeza umboni wa esiteti, chaka ndi dzina lenileni, sankhani munthu mmodzi wachikulire mwa iwo, mumulembere payekha mawu ochepa: ndinu ndani, mwapeza chiyani, ndipo mukufuna mbiri ndi chithunzi basi. Za ndalama, za malo, za viza, musatchule. Chithunzi cha agogo musachiike pa gulu loti aliyense aone, poti si chanu nokha, ndi cha mbumba yonse. Ena amayankha ndi manja awiri n'kutumiza zithunzi ndi makalata akale. Ena amangokhala chete, chifukwa kwa iwo munthuyo ndi agogo okondedwa amene sanamvepo choipa chake. Chete ameneyo amawawa, ndipo ndi bwino mukonzekeretu. Za cholowa ndisakunamizeni: esiteti nthawi zambiri inali ya kampani, inagulitsidwa kangapo, ndipo chuma cha womwalirayo chinagawidwa kalekale. Pokhapokha wilo itatchula agogo anu ndi pomwe mungafunse loya ngati chinaperekedwa.

Mayi akadzaulula zowawa, monga kuti agogo awo anachita kugwiriridwa, musazisenze nokha m'basi yobwerera ku Joni. Kambani ndi abusa kapena amayi a chigwirizano amene mumawakhulupirira, ndipo mukaona kuti tulo sitikubwera kapena mtima ukungolemera kwa masabata, imbirani a LifeLine kapena SADAG, amene amathandiza pa foni. Ana anu muwauze pang'onopang'ono malinga ndi msinkhu wawo.

Supuni ija itembenuzeni muone kumbuyo kwa chogwirira. Mukaona zilembo EPNS, ndi yongokutidwa siliva, ya mtundu womwe unkapezeka m'nyumba zambiri za azungu. Mukaona tizithunzi ting'onoting'ono, kamkango koyenda ndi chizindikiro cha siliva weniweni wa ku England, nangula ndi Birmingham, chisoti chachifumu ndi Sheffield, ndipo linga la nsanja zitatu ndi Edinburgh. Pambali pake pamakhala chilembo chimodzi chosonyeza chaka chomwe inayesedwa. Zilembo ziwiri za kutsogolo zija zingakhale za mzunguyo, za mayi ake, kapena za esiteti. Chithunzinso chitembenuzeni, ojambula akale ankadinda dzina la situdiyo ndi tauni kumbuyo. Musachimate pulasitiki, chisungeni mu envulopu ya pepala kutali ndi dzuwa. Munditumizire zithunzi za kumbuyo kwa zonse ziwiri, ndipo mukabwerako ku Thyolo mundilembere dzina la mayi amene anabereka agogo anu, mudzi wawo ndi mfumu yawo, kuti tidzayambire pamenepo.